Amene munafikako ku Cape Town, tigaireniko nzeru

Abale anga, ndabwera ndi funso. Tilipo anayi, tonse a kuno ku Lilongwe, ndipo takhala tikusunga ndalama ku banki mkhonde kuti tikaone Cape Town mu Disembala. Tikakhalako masiku anayi okha.

Ine mtima wanga uli pa Robben Island. Bambo anga ankatisimbira usiku, magetsi atazima, za Nelson Mandela amene anakhala pachilumbapo zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, akuphwanya miyala ya laimu mpaka maso kuwonongeka. Ndikufuna ndikaone kachipinda kake ndi maso angawa. Koma ndamva kuti mphepo ikakula, boti lochokera ku doko la V&A Waterfront silinyamuka. Ndiye matikiti tigule pa intaneti tili konkuno, kapena tikagule titafika? Nanga ulendo ukalephereka, ndalama amabweza?

Mnzathu wina, mphunzitsi wa zojambulajambula, wakakamira Zeitz MOCAA, nkhokwe yakale ya mbewu imene anaisandutsa nyumba ya zaluso za mu Africa mu 2017. Akuti akaona nkhokwe za ku Kanengo zija, amangoganiza za kumeneko. Kodi tsiku limodzi lingatikwanire kuona malo awiriwa, poti zonse zikuyambira ku Waterfront konko? Castle of Good Hope, linga limene Adatchi anayamba kumanga mu 1666, tikaliona ngati nthawi ilola.

China n'choti mmodzi mwa ife sanakwerepo boti, ngakhale ku Salima, ndiye akuopa kukasanza panyanja. Munamwa chiyani musanakwere?