Thandizeni, mazira akundionongekera kuno ku Ngabu

Abale a m'gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi nkhuku 14: zachikuda 9, za Mikolongwe 4 ndi tambala mmodzi. Chiyambireni Okutobala mazira akungoonongeka. Ndimatola madzulo ndikachoka kumunda, ndimatsuka ndi madzi a pa mjigo poti ena amakhala ndi zitosi, kenako ndimaika m'beseni pamwamba pa kabati. Nyumba ndi yamalata, firiji ndilibe. Dzulo ndinaswa limodzi kuti ndimukazingire mwana, ndinapeza timitsempha ta magazi m'kati, pomwe linangokhala masiku 5. Mayi amene amandigula kuti aziwiritsa n'kumagulitsa pamsika andibwezera 6, akuti akununkha. Zandipweteka chifukwa ndalama ya sopo ndi mchere imachokera pomwepa. Ndikulakwitsa pati?

Mayi wa ku Bangula: Achemwali, siyani kutsuka lero lomwe. Dzira likamaikidwa limakhala ndi kachikuto kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba. Mukatsuka mwachotsa kameneko, ndipo madzi akakhala ozizira kuposa dziralo amakokera tizilombo ta m'zitosi kulowa m'kati. Lodetsedwa pang'ono ingolipukutani ndi kansalu kouma. Lodetsedwa kwambiri idyani tsiku lomwelo, musagulitse. Muzisinthanso udzu wa m'zisa pafupipafupi.

Bambo wa ku Nchalo: Za timitsemphazo, wapalamula ndi tambala pamodzi ndi malata anuwo. Thadzi likamafungatira, mazira amakhala pa madigiri pafupifupi 38, ndipo pakatha masiku 21 anapiye amatuluka. Ndiye kuno kuchigwa Okutobala ndi Novembala dzuwa limapitirira 40. Pamwamba pa kabati, pafupi ndi denga, mwawaika pansi pa thadzi losaoneka. Mwanapiye amayamba kuumbika, kenako amafera m'kati, dzira lasukusa. Nkhuku zimaikira ndithu popanda tambala, choncho ngati mazira ndi ogulitsa, mpatuleni. Ndipo musadikire madzulo, tumani mwana akatole cha m'ma 10 koloko, wina akatolenso masana.

Wofunsa: Zikomo bambo. Koma tambalayu ndimamufuna, mathadzi awiri ndikufuna andiswere anapiye.

Bambo wa ku Nchalo: Mutsekereni ndi awiriwo mbali ina ya khola. Mazira oti afungatiridwe asapitirire sabata imodzi chiikidwire.

Mnyamata wa ku Dyeratu: Ingowiritsani onse mayi, owiritsa saonongeka.

Mayi wa ku Bangula: Ayi achimwene, musawasocheretse. Lowiritsa ndiye limaonongeka msanga kuposa laliwisi losatsuka. Ndi kutentha kwathuku, lowiritsa m'mawa lisagone.

Mayi wa ku Nsanje: Ine ndimachita momwe ankachitira amayi anga. Ndinakumba pang'ono pakona ya nyumba pomwe sipafika dzuwa, ndinathira mchenga, n'kukhazika mphika wadothi. Mchengawo ndimaunyowetsa m'mawa ndi madzulo, mphikawo umazizira ngati mtsuko wa madzi akumwa. M'kati ndimayala gaga kapena mankhusu a mpunga ouma, mazira asakhudze madzi. Dzira lililonse kosongoka kuloze pansi, chifukwa kampweya kamakhala kokulungira kuja. Pamwamba vindikirani bwino, makoswe ndi njoka zimawakonda. Ndimalemba tsiku pa chigoba ndi pensulo, akale n'kumayamba kutuluka. Ngakhale zili choncho, nyengo ino sindilola kuti apitirire sabata. Mu Juni ndi Julayi ndiye amatha kukhala masabata awiri osavuta.

Wofunsa: Nanga 20 amene ali m'beseni panowa ndiwadziwa bwanji abwino?

Mayi wa ku Nsanje: Thirani madzi m'ndowa, muike limodzilimodzi. Latsopano limamira n'kugona chammbali. Loimirira pansi lakalamba koma likudyeka, phikani lero. Loyandama tayani. Kungoti poti mwawanyowetsa, amene apulumuka muwadye pakhomo. Poswa, yambani mwaswera m'kapu musanathire mumphika, mphuno ikuuzani.

Mlimi wa ku Chikwawa boma: Ndionjezepo za ana. Dzira lipse mpaka chachikasu chija chilimbe, makamaka la mwana, mayi woyembekezera ndi okalamba. Muli tizilombo totchedwa Salmonella timene timatsegula m'mimba, ndipo dzira lokhala nato silinunkha ayi. Losweka chigoba musasunge. Komanso ngati mukuona zigoba zikupyapyala, ndi kutenthaku: nkhuku ikamapuma mwawefuwefu chigoba sichilimba. Ikani madzi pamthunzi tsiku lonse, ndipo zigoba za mazira kapena za nkhono muzikazinga, kusinja, n'kusakaniza ndi madeya. Musaponye zigoba zathunthu, zimaphunzira kudya mazira.

Wofunsa: Ndayesa m'ndowa muja: 7 ayandama, 4 aimirira, 9 agona. Mphika wadothi ndabwereka kwa apongozi, mchenga ana akukatapa madzulo ano. Funso latsala: wina kuno akuti kupaka mafuta ophikira pa chigoba kumathandiza. Alipo anayesapo nyengo yotentha ngati ino?