Muvi wa geji ukukwera pa chitunda cha Thabwa: nditchunitse injini kapena ndidikire?

Wa ku Chilomoni:
Akuluakulu, ndili ndi Subaru Impreza ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), ya injini ya EJ20, ndipo ndakhala ndikusonkhanitsa ndalama zoti ndikaitchunitse kuti mphamvu ikwereko. Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti sabata yatha, pochokera ku Chikwawa, muvi wa geji ya kutentha kwa injini unadutsa pakati ndili pa chitunda cha Thabwa, ndipo nditaima ndinamva madzi akubwata m'kabotolo ka pambali pa rediyeta. M'tauni muno sizichitika, ngakhale magalimoto atathithikana pa Chipembere Highway. Kodi ndiyambire pati?

Makaniko wa ku Ndirande:
Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye, chifukwa mphamvu iliyonse yomwe mungawonjezere idzabwera ndi kutentha kwake, ndipo injini yomwe ikulephera kale kudziziziritsa pa chitunda sidzapirira. Popeza m'tauni siitentha, mafani anu ayenera kuti akugwira ntchito. Vuto ndikuliona pa kayendedwe ka madzi injini ikalemedwa. Chotsani thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira yodutsa mu rediyeta injini ikatentha) muiike mumphika wa madzi pamoto, muone ngati ikutseguka pa kutentha komwe kwalembedwa pamwamba pake, nthawi zambiri madigiri 78 kapena 82. Wina asakunamizeni kuti ingotayidwa chifukwa kuno n'kotentha. Injini ikatentha muithimitse, kenako muyendetse dzanja mosamala pankhope ya rediyeta: mukapeza malo ozizira pakati pa malo otentha, dziwani kuti timipaipi tatsekeka ndi dzimbiri, zomwe ndimaziona kawirikawiri m'magalimoto othiridwa madzi apampopi okhaokha.

Mayi wa ku Namiwawa:
Ndiwonjezereko za chotsekera cha rediyeta, chomwe ambiri amachinyozera. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, choncho madzi wamba amawira asanafike madigiri 100. Chomwe chimawaletsa kuwira ndi coolant (mankhwala osakaniza ndi madzi a mu rediyeta) pamodzi ndi mpweya wopanikizidwa ndi chotsekeracho, wa 0.9 kapena 1.1 bar (muyezo wa kupanikizikako). Labala yake ikang'ambika, madzi amathawira m'kabotolo monga mwafotokozeramu. Musachitsegule injini ili yotentha.

Wa ku Chigumula:
Mawu akuti akubwata ndi omwe andichititsa mantha, bambo. Ine ndinasintha rediyeta, pampu ya madzi ndi thermostat, koma thovu silinasiye, mpaka pamene tinayeza ndi mankhwala a block test (oyezera ngati utsi ukulowa m'madzi a injini), omwe anasintha kuchoka pa buluu kukhala achikasu. Utsi wa m'masilinda unkalowa m'madzi kudzera pa gasiketi ya hedi (chomatira chapakati pa hedi ndi thunthu la injini), makamaka turbo ikayamba kukankha, n'chifukwa chake m'tauni zonse zinkaoneka zabwinobwino. Yezetsani zimenezi musanagule chipangizo chilichonse. Gejinso musaikhulupirire kwambiri, pakuti m'magalimoto ambiri muvi umakhazikika pakati kutentha kukukwera. Lumikizani kamakina ka OBD2 (kowerenga uthenga wa pa kompyuta ya galimoto) muwerenge madigiri enieni pokwera chitunda chomwecho masana.

Wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse. M'mawa uno ndatsegula chotsekera cha rediyeta injini ili yozizira, ndipo madzi ake ndi ofiira ngati a m'chithaphwi, labala ya chotsekera nayonso yauma. Loweruka ndikayezetsa gasiketi, ndipo zotchunazo ndaziimitsa kaye.