Njinga yamoto ya woteteza ana: tigule, koma aziyankha kwa ndani?

Mlembi: Moni nonse akwathu. Pa msonkhano wapitawu panabwera ganizo loti ndalama za chitukuko za chaka chino tigulire njinga yamoto mlangizi woteteza ana wa m'dera lathu, uja a sosho amamutcha CPW. Panopa amayendera njinga yakapalasa midzi yonse ya kwa gogo chalo. Ena mwandilembera kumbali kuti simukukana, koma mukufuna kudziwa kuti tikapereka tidzaona bwanji kuti ana akuthandizidwadi. Tikambirane pano pagulu.

aBanda, Johannesburg: Ine ndikuvomera, koma pakhale malamulo. Njinga yoperekedwa popanda ndondomeko imathera pa kabaza. Mwezi uliwonse azititumizira lipoti: mayina a ana amene wawathandiza, midzi yawo ndi nkhani zawo. Ndalamazi tikuzipeza movutikira kuno.

aNaphiri, a zachisamaliro cha anthu, Zomba: Achimwene aBanda, lipoti ndikugwirizana nalo, koma za mayina ndikukana kwamtuwagalu. Mwana amachitidwa nkhanza kawirikawiri ndi munthu wa pakhomo pomwepo kapena wodziwika: bambo omupeza, amalume, mphunzitsi. Pagulu lino tili ndi abale a m'midzi yonseyo. Dzina likangolowa pa WhatsApp, mawa wopalamula wadziwa, mboni zayamba kuopsezedwa, mwana wasamutsidwira kwa azakhali ake ku Mozambique. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 nalonso silifuna kuti mwana amene nkhani yake ili kukhoti la ana adziwike poyera.

Chinanso, CPW sali pa ntchito yathu. Bwana wake ndi ofesi ya chisamaliro cha anthu ya paboma, pansi pa khonsolo. Ife tingapemphe zinthu ziwiri zosaulula mwana: manambala ndi masiku. Nkhani iliyonse imapatsidwa nambala m'kaundula. Pa nambalayo lipoti lionetse tsiku limene nkhani inamveka, tsiku limene mlangizi anafika pakhomo koyamba, tsiku limene mwana anafika kuchipatala ndi kupolisi, tsiku limene anakamuonanso, ndi chifukwa chimene faelo inatsekedwera. Ntchito yabwino kapena yoipa imaonekera pa mpata wa pakati pa masikuwo.

Kumene zinthu zimaonongekera sikoyambirira. Kulemba fomu aliyense amalemba. Vuto ndi ulendo wachiwiri ndi wachitatu. Mwana amafunsidwa, ndondomeko yomuthandizira imalembedwa, kenako amabwezedwa m'nyumba momwe muli womuzunzayo ndipo palibe amene amapitakonso. Pakatha miyezi faelo imalembedwa kuti banja linasamuka. Mukaona mafaelo ambiri akutsekedwa ndi mawu amenewo, kapena akuti nkhani inathera kwa amfumu, funsani. Kugwirira mwana si mlandu wa mbuzi kapena nkhuku pabwalo, ndi wa polisi ndi khoti.

aNabanda, namwino, Lilongwe: Ndionjezere za maola, chifukwa ndi pamene njinga ingapulumutse moyo. Mwana wogwiriridwa ayambe mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, pasanathe maola 72, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Mankhwala oletsa mimba yosayembekezereka amagwira mpaka maola 120, koma mphamvu yake imachepa tsiku ndi tsiku. Abale ambiri amataya masiku awiri oyamba pokambirana m'banja ndi kudikira ankhoswe, lachitatu n'kumafuna kalata ya polisi. Ayi, athamangire kuchipatala kaye. Ngati n'kotheka mwana asasambe, ndipo zovala zimene anavala zikulungidwe mu pepala, osati mu jumbo, chifukwa chinyezi chimaononga umboni. Atenge buku lake la kuchipatala kapena chiphaso cha kubadwa, popeza milandu ina imavuta kukhoti chifukwa chosowa umboni wa zaka za mwana. Ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth kuli One Stop Centre komwe dokotala, wapolisi ndi a sosho amapezeka malo amodzi. Kwathu kumudzi munthu amayenda maofesi atatu osiyana, ndipo lipoti la dokotala limatha kukhala mu diroo milungu chifukwa palibe wokalitenga kupita nalo kupolisi. Mu lipoti la aNaphiri muikemo funso limeneli: mwa ana ofunika PEP, angati anafika maola 72 asanathe?

aChisale, mphunzitsi wopuma: Ana anga, musaunjike katundu yense pamutu pa munthu mmodzi. Alangizi amenewa ambiri amagwira mongodzipereka, alibe mafuta, alibe mayunitsi, midzi ndi yambirimbiri. Kafukufuku wa boma wa 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zogonana asanafike zaka 18. Werengani ana a m'dera lathu, muone ngati njinga imodzi ingakwanire. Lamulo lomwe aNaphiri atchulali limapereka udindo kwa ife tomwe: wa m'banja, wolera ana, wachipatala, ngakhale munthu wamba wa m'mudzi akadziwa kuti mwana akuzunzidwa ayenera kukanena kupolisi kapena kwa a sosho (munthu wamba angathenso kukanena kwa mfumu), ndipo kukhala chete ndi mlandu. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, koma timadyabe nsima pa maukwati a ana a sitandade 7. Tikamafunsa CPW, tifunsenso komiti ya sukulu, amayi a mother group ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kuti iwo anatumiza nkhani zingati.

aBanda, Johannesburg: Ndamva, madala. Za mayina ndasiya. Koma nanga tikamva kuti mlangiziyo walandira kangachepe kwa wopalamula kuti nkhani izilale, tingokhala chete poti si wantchito wathu?

aNaphiri, a zachisamaliro cha anthu, Zomba: Ayi, koma tisamuweruze pano. Dandaulo lilembedwe kwa mkulu wa chisamaliro cha anthu paboma, kope lipite kwa DC, ndipo mlembi asunge tsiku limene kalata inalandiridwa. Akapanda kuyankha, kuli ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission. Za ziphuphu zenizeni ndi za bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Pa nthawi yomweyo mwanayo asadikire makalata athu. Nambala ya foni ya 116 ya bungwe la YONECO, yoimbira mwana akafuna thandizo, ndi yaulere, ndipo nthambi ya polisi ya Victim Support imalandira nkhani popanda kudzera kwa CPW. Dziwaninso ichi: mwana akachotsedwa pakhomo kupita kumalo otetezeka, lamulo limati aonekere kukhoti la ana pasanathe maola 48. Kusunga mwana kunyumba kwa mlangizi kapena kwa abusa milungu popanda khoti kudziwa, ngakhale mtima uli wabwino, n'kulakwa, ndipo kumaika mwana ndi womusungayo pachiopsezo.

Msungichuma: Mbali yanga ndi iyi. Njinga isalembetsedwe m'dzina la munthu, chifukwa akasamutsidwa adzapita nayo. Pakhale mgwirizano wolemba, wosainidwa ndi ofesi ya paboma, wapampando wa komiti ya chitukuko ya dera (ADC) ndi ife, wonena kuti njinga ndi ya ntchito ya m'dera lino. Pakhale buku la maulendo: tsiku, makilomita ponyamuka ndi pofika, nambala ya nkhani, malita a mafuta. Mafuta tizilipira ku filling station, osapereka ndalama pamanja. Laisensi, inshuwalansi, chipewa, oyilo ndi matayala tiziwerengeretu, apo ayi njinga idzaima pakhonde mvula yoyamba.

Koma pali chondivuta. Mlangizi, makamaka wamwamuna, sayenera kunyamula yekha mwana wogwiriridwa; pafunika mayi womuperekeza, ndipo anthu atatu pa njinga imodzi n'kuphwanya malamulo a pamsewu. Ndiye njinga imufikitsa iye pakhomo, koma mwana afika bwanji kuchipatala? Nanga kukhoti, komwe mlandu umaimitsidwa kangapo ndipo banja likasowa ya basi mboni sizibwera? Ndikupempha kuti gawo la ndalama likhale thumba la maulendo a mwana ndi womuperekeza, lotuluka kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni uzitsala.

aNabanda, namwino, Lilongwe: Ngati ndalama sizikwanira zonse ziwiri, ine ndisankha thumbalo.

aBanda, Johannesburg: Ine ndikadali pa njinga, popeza ulendo wachiwiri umene aNaphiri akunena sungatheke pa kapalasa nthawi ya dzinja. Buku la maulendolo ndiziliona miyezi itatu iliyonse.

Wapampando: Zikomo nonse. Mlembi alembere ofesi ya paboma kufunsa ngati ivomera mgwirizano ndi lipoti la manambala ndi masiku. aNaphiri akonze fomu ya tsamba limodzi, yopanda dzina la mwana kapena la mudzi. Msungichuma abweretse mitengo itatu ya njinga ndi kuwerengera kwa thumba la maulendo. Yankho la ofesi likabwera tivota, ndipo ofesi ikakana lipoti, za njinga tiziimika kaye.