Ndithandizeni, chikwama ndagulachi n'cha Louis Vuitton weniweni?

Amayi anzanga ndi achemwali, ndabwera ndi nkhawa. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg, ndipo miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti ndigule chikwama cha Louis Vuitton chotchedwa Neverfull. Mtsikana wina wotchuka pa Instagram, yemwe ndimamutsatira kalekale, anaika kanema akuti pali mayi amene akugulitsa zikwama zogwiritsidwapo kale ntchito koma zenizeni. Ndinamukhulupirira, ndinatumiza R9,000.

Chafika Lachitatu. Fungo lake ndi la pulasitiki, ndipo zogwirira zake n'zoyera mbuu. Chikopa cha zogwirira za chikwama chenicheni chimadera pang'onopang'ono mpaka kuoneka ngati uchi, ndiye chikwama choti wina wayenda nacho zaka ziwiri chingakhale chonchi? Ulusi nawonso penapake wakhota.

M'kati mulibe kachizindikiro ka deti, kosonyeza nthawi ndi malo amene chikwama chinapangidwira. Wogulitsayo akuti kuyambira 2021 kampaniyi inasiya zizindikirozo n'kuyamba kuika kachipi m'kati mwa nsalu. Zimenezo n'zoona, koma ine ndingatsimikize bwanji kuti kachipiko kalimo?

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'choti mtsikana uja wafufuta kanemayo ndipo mauthenga anga sakuyankha.

Kodi ndikapita nacho kusitolo ya Louis Vuitton ku Sandton City angandiuze zoona, kapena adzangochilanda? Alipo mwa inu amene anayesapo Entrupy, kampani imene imayeza ngati zikwama zodula zili zenizeni? Ndalamazo ndinatumiza kudzera kubanki, umboni ndili nawo. Ndiyambire kubanki kapena kupolisi?