87T ikudzitseka yokha chiikireni ma merging unit

Woyesa ma relay:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Thiransifoma ya 132/33 kV, mbali zonse ziwiri zili pa merging unit (kachipangizo kosandutsa miyezo ya karenti ndi voteji kukhala manambala otumizidwa pa netiweki, otchedwa Sampled Values kapena SV), mu dongosolo la 9-2LE, netiweki ya PRP (manetiweki awiri oyendera limodzi, LAN A ndi LAN B). Relay ya 87T (yoteteza thiransifoma poyerekeza karenti ya mbali ziwiri n'kuona kusiyana kwake, differential) ikumadzitseka, kuleka kuteteza masekondi angapo, kawiri kapena katatu pa tsiku, kenaka n'kubwerera yokha. Breaker siinagwepo. Ratio ya CT (thiransifoma yoyezera karenti) ndi vector group (kalumikizidwe ka mawaya a thiransifoma) ndaunika, zili bwino. Ndikweze slope (malire a differential amene relay imalola isanagwetse breaker)?

Injiniya wa chitetezo:
Slope musaikhudze, achimwene. Relay ikadzitseka chonchi nthawi zambiri imakhala ikukana kuyerekeza makarenti amene sanayezedwe pa nthawi imodzi, ndipo ikuchita bwino. Pa 50 Hz, kusiyana kwa 1 ms ndi madigiri 18, ndipo zimenezi zimabala differential yabodza ya pafupifupi 31% ya karenti yodutsa. Ngakhale sampulo imodzi yokha, 250 µs, ndi madigiri 4.5. Lumikizani Wireshark (pulogalamu yowerengera mauthenga a pa netiweki) pa mirror port ya switch muone zinthu ziwiri m'mafulemu a SV. smpCnt, nambala yowerengera masampulo, iyende kuchoka pa 0 kufika 3999 osadumpha. Ikadumpha ndiye kuti mafulemu akutayika. Kenaka smpSynch, yosonyeza wotchi imene merging unit ikutsata: 2 ndi nthawi ya GPS, 1 ndi wotchi ya pamalopo, 0 palibe kugwirizana kulikonse.

Woyesa ma relay:
smpCnt sikudumpha. smpSynch ya mbali ya 33 kV ndi imene ikugwera pa 0. Pa LAN A merging unit imeneyo ikudutsira pa switch yakale ya station bus.

Wa netiweki:
Vuto lili pomwepo, bwana. Muyezo wa IEC 61850-9-3 umafuna kuti switch iliyonse pa njira ya PTP (mauthenga ogwirizanitsa nthawi pa netiweki) ikhale yodziwa PTP, transparent clock kapena boundary clock, ndipo kuchedwa kuziyezedwa peer-to-peer. Mauthenga a Pdelay, oyezera kuchedwako, amapita ku adiresi ya 01-80-C2-00-00-0E, imene switch wamba siidutsitsa. Komanso uthenga wa Sync, wonyamula nthawi, ukaima pamzere kumbuyo kwa mafulemu a SV, palibe akulemba nthawi imene wataya mu correction field. Malire a 1 µs amene muyezowo umafuna sangatheke.

Musadalire kuti LAN B ikupulumutsani. PRP siisamala PTP monga imachitira ndi SV. Merging unit imatsata nthawi ya pa doko limodzi.

Sinthani switch. Mukatero ikani zosefera multicast pa ma adiresi a SV, oyamba ndi 01-0C-CD-04, chifukwa stream iliyonse imadya pafupifupi 5 Mbit/s ndipo ikusefukira m'madoko osaifuna.

Injiniya wa chitetezo:
Podikira switch yatsopano, kokani 1PPS (chizindikiro cha nthawi chobwera kamodzi pa sekondi) ya fiber kuchoka pa wotchi imodzi kupita ku merging unit zonse ziwiri. Tsiku losintha, tsekani kaye trip ya 87T, mutsimikize kuti zitetezo zina, Buchholz ndi overcurrent, zikufika ku trip coil pa waya wakewake. Ngati mukhudza mawaya a CT, yambani mwaika shorting link. CT yotseguka imapha.

Poyesa musangoona kuti alamu yazima. Zulani antena ya GPS muone ngati smpSynch ya merging unit zonse yatsikira pa 1 limodzi. Zimitsani grandmaster (wotchi yaikulu ya PTP) woyamba, wachiwiri atenge. Priority1 yawo ikhale yosiyana, domain ikhale imodzi.

Woyesa ma relay:
Zikomo akulu. 1PPS ndikoka mawa, switch ndaitanitsa. Nanga poyesa ndichotsenso LAN B?

Wa netiweki:
Eya, LAN iliyonse payokha, thiransifoma ili ndi katundu, mukuwerenga differential pa relay.