Zimbudzi pa sukulu yathu ku Kanyama: thandizo tikapemphe kuti?

Abale anga, ndigawireni nzeru. Ndili m'komiti ya makolo pa sukulu ina ya komyuniti kuno ku Kanyama, mu mzinda wa Lusaka. Ana ndi ambiri koma zimbudzi zokumba zilipo ziwiri zokha, china chatsala pang'ono kudzaza. Mvula ikagwa, madzi oipa amasefukira mpaka pakhomo la kalasi. Mukuidziwa nthaka ya kuno, thanthwe lili pafupi, kukumba china n'kovuta. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi atsikana osinkhuka: akakhala kumwezi amajomba, poti chimbudzi chilibe chitseko ngakhale madzi.

Sindinaiwale kolera ya 2024, sukulu zitachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 February, odwala ali mbwee ku Heroes Stadium. Mtima wanga suli m'malo.

Tinapachika zigubu pamitengo kuti ana azisamba m'manja, koma sopo amatha sabata isanathe. Kodi alipo amene anapemphapo thandizo ku UNICEF kapena ku WaterAid, bungwe loona za madzi ndi ukhondo? Kalata mumakapereka nokha kapena imadzera kwa a DEBS, akulu oyang'anira zamaphunziro m'boma lathu? Nanga ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, zingatimangire zimbudzi ife a komyuniti? Tikufunanso munthu wodzaphunzitsa ana zaukhondo mvula isanayambe, tingamupeze kuti?