Zatheka abale, nkhani ya laputopu yokana login ija

Zikomo nonse amene munandiyankha sabata yatha, paja laputopu yanga ya Ubuntu imangondibwezera pa sikirini ya login ndikalemba pasiwedi. Ndinatsatira malangizo a achimwene aja anati ndidine Ctrl+Alt+F3. Panatuluka sikirini yakuda bii, mawu oti "login:" okha basi. Ndinalemba dzina, kenako pa Password ndikulemba koma palibe chikuoneka ngakhale kanyenyezi, ine nkumati kiyibodi yafa ndi chinyontho cha kuno ku Thyolo. Ayi ndithu, imabisa dala, mumangolemba nkudina Enter.

Kawiri konse imati "Login incorrect", kenako ndinazindikira kuti ndimalemba dzina langa lonse lija limaoneka pa sikirini ya zithunzi, pomwe iyo imafuna username ya zilembo zing'onozing'ono. Komanso Num Lock, kabatani koyatsira manambala a kumanja kwa kiyibodi, inali yozima, manambala a mu pasiwedi samalowa, chonde yang'anani kaye kameneka.

Nditalowa ndinalemba df -h (yoonetsa malo otsala pa disiki), disiki yadzadza 100% ndi mavidiyo a ukwati wa achemwali ku Luchenza, nchifukwa chake imakana login. Ndinawasamutsira pa flash, ndinapanga sudo apt clean (kufufuta mafayilo otsalira poika mapulogalamu) kenako sudo reboot (kuizimitsa nkuiyatsanso), yalowa bwinobwino. Aja munati ndingoifomata, pepani sizinafike pamenepo.